Mmene Ndinatsikira ku Leicester Kuthawa Chisanu

Khalani apa padzuwa, ana inu, musiye kunjenjemera ngati anapiye onyowa. Iwe Grace, chotsa manja m'khwapa. Mwachokera ku Mangalande, dziko limene madzi amauma gwa pamsewu, ndiye mukulira ndi kuzizira kwa kuno ku Dedza? Dzulo ndinakumvani mukufunsa agogo anu aakazi kuti batani la hita lili pati. Hita wathu ndi uyo ali kumwambayo, amayaka yekha ndipo palibe mkamwini amene angamuzimitse. Ndikudziwa kuti zonse ndikunenazi mukumva, ngakhale muziyankha m'Chizungu chanu chotulukira m'mphunocho. Tsono tcherani khutu, chifukwa nkhaniyi ikukhudza mmodzi wa inu, ndipo amayi anu akamaifotokoza amaipotoza dala.

Ife tili ana, kuzizira sitinkalimbana nako, tinkakuthawa. Juni akafika, chisanu chikayamba kuwaula masamba a mbatatesi kudimba, bambo anga ankangoti, "Tiyeni titsike." Bulangeti linali limodzi nyumba yonse, ndipo linali lawo. Ife tinkagona m'ziguduli, miyendo mkati, mutu panja, utadzuka m'mawa tsitsi lili mbuu ndi gaga. Ndiye tinkasenza mbatatesi ndi nyemba n'kuyamba wapansi, kutsetsereka Khwekhwerere mpaka ku Golomoti kwa azakhali anga. Pamwamba umanyamuka utavala zonse zimene uli nazo. Pakati pa phiri umavula juzi, ngati unali ndi mwayi wokhala nayo. Ukaona mlambe woyamba umavula malaya, ndipo kwa azakhali umapeza anthu ali pamthunzi akudzikupiza, mwezi womwewo umene kwathu nkhuku zikukana kutuluka m'khola. Tinkakhala kumeneko kudya nsomba ndi bwemba mpaka mwera utatopa. Choncho ndinakula ndikudziwa kuti kukazizira munthu amatsika, ndipo mpaka lero palibe wanditsutsa ndi umboni.

Ndinakula, ndinakwatira agogo anuwa aNachisale, tinabereka, ana anabalalika. Amayi anu Alinafe anaphunzira za unamwino n'kupita ku Mangalande, kukakhala ku Corby kumene mukukhala mpaka panoko. Zaka zinadutsa ali pabanja, mwana osabwera. Tinapemphera mpaka mawondo kuchita zipsera. Ndiye tsiku lina foni inalira kuti zatheka, mwana akuyembekezeka mu Febuluwale, tibwere tonse awiri. Agogo anu aakazi ankapita kukathandiza ntchito za amayi. Ine ndinkapita pa chifukwa chimodzi basi, kukatcha mwanayo dzina. Zidzukulu zanga zonse ndinazitcha nditazinyamula m'manja mwangamu, ndikuziyang'ana kumaso. Dzina silitumizidwa pafoni ngati mayunitsi.

Tinafika mu Okutobala. Ana inu mumaikonda Corby chifukwa n'kwanu, koma ndikuuzeni zoona, tauni imeneyo inamangidwa pamtunda pomwe mphepo zonse zimakumanirana. Anandiuza kuti kale kunali mafakitale a zitsulo, ng'anjo zikuyaka usana ndi usiku, ndipo ndinamvetsa chimene anthu oyambawo anakhalira pamenepo. Koma ng'anjo anazimitsa, anthu n'kutsala. Bambo anu ankagwira ntchito m'zinyumba zazikulu zosungira katundu zija, kunyamuka ndi basi kunja kudakali mdima. Asanatuluke ankadinadina kabokosi kapakhoma, ndipo hita ankayaka pang'ono m'mawa, pang'ono madzulo, masana onse zii. Anandipempha mwaulemu ndithu kuti kabokosiko ndisamakakhudze. Ine ndinkakhala pabalaza nditavala chijekete ndi chipewa ngati munthu wodikira basi. Nditapempha mbaula, amayi anu anatsala pang'ono kukomoka. Pasanathe mwezi ndinayamba kutsokomola.

"Adadi, chifuwa chimenechi sindikuchikonda," anatero amayi anu tsiku lina atangofika kuchokera ku shifiti. "Chikapitirira ndikubukirani ndege, mubwerere kumudzi Khirisimasi isanafike. Apatu wintala sinayambe n'komwe."

"Nanga mwana?"

"Mudzamuona pa vidiyo."

"Ndimutche dzina pa vidiyo?"

"Anthu akutero, adadi. Ine ndimasamala odwala tsiku ndi tsiku, sindikufuna inu mukhale mmodzi wa iwo."

Kuyambira tsiku limenelo ndinkatsokomolera mu pilo, kapena kubafa nditatsegula mpopi. Koma kubisira namwino chifuwa ndi ntchito yolemetsa, makamaka namwino amene unamubereka wekha.

Loweruka lina tinapita ku Leicester kukagula ufa ndi kukaona malume anu a Yamikani, chitsirizira changa, amene nthawiyo ankachita digiri yachiwiri pa yunivesite ina kumeneko. Titangotuluka mu Corby, pamalo otchedwa Rockingham, galimoto inaweramira kutsogolo. Msewu unatsetsereka, makutu anga n'kutseka pang'ono. Ndinakodola agogo anu ndi chigongono.

"Mwamva zimenezo, aNachisale?"

"Musayambe, aPhiri," anatero osandiyang'ana n'komwe.

Koma ine maso anali atatseguka. Tinafika ku Belgrave, msewu wa amwenye, atakoleka magetsi mbali zonse chifukwa cha chikondwerero chawo. M'sitolo yoyamba imene tinalowa munali nzimbe, chinangwa, therere ndi mango. Mwini wake, mmwenye wa imvi, atamva tikuyankhula anatulukira kuseri kwa matumba a mpunga n'kuti, "Muli bwanji, achimwene?" Anabadwira ku Limbe. Ndinamukokera pambali n'kumufunsa motsitsa mawu ngati kuno kumatentha. Anaseka nati, "Bola kuno kusiyana ndi kumpoto." Imeneyo inali mboni yoyamba. Titayandikira ku yunivesite ndinaona anyamata akuyenda ndi akabudula, atsikana mikono pamtunda, mwezi wa Novembala ukuyamba. Kenako tinafika ku Highfields, kunyumba zogundana zija kumene malume anu ankachita lendi ndi anzawo. Atatsegula chitseko, kutentha kunandimenya kumaso ngati ndasuzumira mu uvuni wa masikono. Malume anuwo anali atavala vesiti.

Anayamba kufotokoza kuti za hita zinali kale mu lendi, ndiye ana asukuluwo sankazimitsa, kukatentha ankangotsegula mawindo. Ine ndinangomwetulira. Munthu akaphunzira kwambiri amafunira chifukwa chovuta chinthu chophweka. Tinali titatsika phiri, n'chifukwa chake kunkatentha.

Madzulo ake ndinalengeza kuti nyengo yozizira yonse ndikakhala ku Leicester.

"APhiri, ndi ulendo wosakwana ola limodzi," anatero agogo anu. "Mtambo ndi womwewo."

"Nanga ku Golomoti n'kutali?" ndinafunsa. Anayamba kupukuta mbale zouma kale.

Amayi anu anavomera, chifukwa nawonso anali atatuluka thukuta m'nyumba muja. Koma anakweza chala n'kunena kuti akangomva kutsokomola kamodzi pafoni, ndege.

Mmenemo ndi mmene ndinakhalira mwana wa sukulu wa pa yunivesite ndili ndi imvi. Malume anu anandipatsa bedi, iwo n'kumagona pa matiresi opopa amene pofika m'mawa ankakhala ataphwa. Anzawo a m'nyumbamo ankadzuka dzuwa lili paliwombo n'kudya tizingwe toviika m'madzi otentha, ataimirira. Mbale ankatsuka zikatha zonse. Ine ndinkadzuka m'mamawa n'kusesa pakhomo mpaka kumsewu, ndipo aneba ankaganiza kuti ndatumidwa ndi khonsolo, moti mayi wina anabwera kudzandidandaulira za bini yake. Koma chifuwa chinatha! Ndinkaimbira agogo anu n'kumapuma pafoni mwamphamvu kuti amve okha. Khirisimasi inadutsa ndili bwinobwino, ndipo za ndege palibe ankazitchulanso.

Chimene chinandivuta n'kukhala manja lende. Munthu wakhala ndi khasu moyo wake wonse sangathe tsiku akuonera mpira pa kanema. Ndiye malume anu ananditengera pa basi kumunda wa sukulu yawo, kumene amasunga mitengo ya mayiko osiyanasiyana. Panja zonse zinali zouma, koma pakati panali nyumba ya magalasi okhaokha. Tinalowa. Ana inu, ndinavula chipewa. Patsogolo panga panali nthochi, yamoyo, masamba obiriwira, ndi mkoko uli lende.

Ndinaimba foni pomwepo. "ANachisale, kuno kumamera nthochi."

"M'nyumba kapena panja?"

"Mafunso anuwo ndi a nsanje," ndinatero n'kudula.

Kuyambira tsikulo ndinkapita ndekha m'mawa uliwonse. Ndinkakhala pa kabenchi pansi pa nthochiyo, malaya okha, thukuta lili kamukamu, chipale chofewa chikugwa kuseri kwa magalasi. Amene ankasamala nyumbayo anali mayi wachizungu wa imvi zake, wovala magambutsi, munthu wabwino zedi. Ankandipatsa tiyi ndi bisiketi imodzi. Chizungu changa ndi cha kusukulu ya mishoni, chokwanira kupereka moni ndi kuthokoza, ndiye tinkacheza ndi manja. Tsiku lina anandilozera mkokowo n'kunena mawu ambiri, ndipo ine ndinatolapo oti adikira nthawi yaitali. Ndinamumvera chisoni. Kudikira chiyani, nthochi zikukhwima akuona?

Pofika mu Januwale nthochizo zinali zitafufuma, makona atatha, thunthu litayamba kupendekeka. Palibe ankadula. Kwathu kuno, mnzako akakupatsa tiyi masiku onsewo, sungasiye mkoko wake ugwe pansi iwe uli pomwepo. M'mawa wina mayiyo atapita mbali ina, ndinaona sowo yaing'ono mu wilibala. Ndinadula mkoko bwinobwino, osagwetsa ngakhale nthochi imodzi. Kenako ndinachita zimene mlimi aliyense amachita. Nthochi imabereka kamodzi, ndiye ndinagwetsa thunthu lonse, n'kulidula zidutswazidutswa, n'kuziyala mozungulira kamwana kake kuti kakule msanga. Ntchito yaukhondo. Ndinasenza mkoko paphewa mpaka kukaofesi kake, ndinati "Odi," ndinautula pamapazi pake n'kuwomba m'manja pang'ono.

Mayi uja anayang'ana mkoko, anayang'ana ine, anasuzumira kuseri kwanga kumene tsopano kunkalowa kuwala kwambiri. Kenako anakhala pansi pa thumba la manyowa. Nkhope inafiira, kenako inayera. Anatambasula dzanja kupempha foni yanga, n'kuimbira malume anu, amene anabwera akuthamanga kuchokera ku laibulale.

"Adadi, mwapanga chiyani?" anatero malume anu akupumira m'mwamba. "Akuti nthochi imeneyi inali yoti anthu aziona. Ana a sukulu za pulaimale amayenera kubwera sabata yamawa, ajambula kale zithunzi zake. Panali chikwangwani!"

"Nthochi yongoona?"

"Inde, adadi."

"Osadya?"

"Osadya. Mwandichititsa manyazi, ine ndimaphunzira pano."

Mayi uja anati apolisi saitana, koma ndisadzapondenso m'nyumba imeneyo, ndipo mkokowo nditenge chifukwa sangathe kuuyang'ana. Anali akulira. Zinandikhudza kwambiri, chifukwa sanandilakwirepo kanthu, ndipo ndikamukumbukira mpaka lero mtima umandiwawa. Koma nthochi yokhwima imadulidwa, pamenepo sindisintha. Tinakwera basi tili atatu, ine, malume anu ndi mkoko pampando wake. Titafika kunyumba ndinaukulunga m'chijekete changa chachikulu chija n'kuuvundika pansi pa bedi, pafupi ndi hita.

Tsopano ndinalibe nthochi yokhala pansi pake, ndinalibenso chijekete. Koma patapita masiku owerengeka kunacha bwino, mtambo uli mbee, dzuwa litatuluka lonse. Ndinati zikomo Mulungu, lero ndikawothe dzuwa ngati munthu. Ndinavala kajuzi kopyapyala n'kupita ku paki ya pafupi ndi yunivesite. Udzu unali woyera, ukulira kuti tswatswa pansi pa nsapato. Ndinakhala pa benchi n'kulozetsa msana kudzuwa, monga mwakhalira inumu.

Ana inu, dzuwa limenelo linali ngati babu la m'firiji. Ndinati ndilipatse mpata, ngakhale kwathu limayamba mofooka n'kumalimba likamakwera. Koma ilo silinakwere. Linkangoyenda chammbali pamwamba pa madenga ngati likufuna potulukira. Panadutsa galu atavala jekete, n'kundiyang'ana. Panadutsa mayi wina, n'kuika sangweji pambali panga. Zala zinafa, makutu anafa, koma ndinakhalabe mpaka masana, chifukwa kunyamuka msanga kukanakhala kuvomereza kuti agogo anu ankanena zoona. Patapita masiku awiri ndinali mu ambulansi. Chibayo. Benchi lija linali lachitsulo, ndipo ndilo linandidwalitsa, osati tauni.

Anandigoneka m'chipatala chachikulu, m'chipinda cha pamwamba penipeni, machubu m'mphuno. Tsiku lachitatu amayi anu anafika kuchokera ku Corby ndi bambo anu ndi agogo anuwa, chipale chili m'mapewa. Amayi anu anali atatopa kwambiri, akuyenda atagwira m'chiuno, koma pakamwa panali pamphamvu.

"Adadi, ndabuka kale. Akakutulutsani muno, Lachisanu sabata yamawa mukukwera ndege. Sindikufuna kumva chilichonse."

"Alinafe, mwanangu, kwatsala masabata ochepa chabe."

"Masabata amenewo ndi amene angakupheni. Mukufuna ndikutumizeni kumudzi m'bokosi?"

Ndinatembenukira kukhoma. Ndinalira, ana inu, sindikubisirani. Ndinali nditadikira mwana ameneyo zaka zonse zija pamodzi ndi amayi ake, ndinawoloka nyanja, ndinatsika phiri, ndiye ndibwerere manja ali chabe. Amayi anu sanaone misozi yanga, anali atayamba kale mutu wina.

"Ndipo nthochi, adadi! Nthochi ya yunivesite! Munthu wamkulu ngati inu kutenga sowo ya eni ake n'ku..."

Anathera pomwepo. Nditacheuka ndinaona atagwira chitsulo cha bedi langa ndi manja awiri, maso ali tong'o. Agogo anu anangoyang'ana kamodzi n'kukankhira bambo anu kukhomo kuti akaitane anamwino. Anamwinowo anatenga amayi anu pa mpando wa matayala, ine n'kutsala ndekha ndi machubu anga, ndikupemphera mapemphero onse amene ndinkawadziwa. Mawa lake masana agogo anu analowa, anakhala pa mpando, anavula nsapato, n'kunena kuti, "Wamkazi. Onse ali bwino."

Ndinafuna kudzuka nthawi yomweyo, koma adokotala anakana. Munthu wa chibayo sayandikira khanda, makamaka khanda lofulumira kubadwa. Masiku ankapita, Lachisanu likuyandikira, mwana ali m'nyumba yomweyo pansi pa mapazi anga, ine osamuona. Ndinamwa mankhwala onse osatsutsa, zimene agogo anu akuti sanazionepo chikwatiranireni. Lachitatu kutentha thupi kunali kutatheratu, ndipo adokotala anagwedeza mutu kuti ndikhoza kupita kanthawi kochepa. Anandiveka kansalu kukamwa, anandifunditsa bulangeti, n'kundikhazika pa mpando wa matayala. Malume anu ankakankha, agogo anu ali pambali. Tinalowa mu chikepe, ndipo chikepe chinayamba kupita pansi. Makutu anga anatseka pang'ono.

Chitseko chitatseguka, kutentha kunatilandira. M'chipinda cha amayi ndi makanda munali ngati ku Golomoti mwezi wa Okutobala. Anamwino mikono pamtunda, azibambo majekete m'manja, makanda atangovala matewera okha. Ndinachotsa bulangeti pang'onopang'ono, ndinalipinda, n'kulipereka kwa agogo anu.

"ANachisale, nenani nokha."

"Mwawina, aPhiri," anatero akupukuta m'maso. "Sambani m'manja mulandire mwana."

Amayi anu anandiika kamwanako m'manja. Kanali kopepuka kuposa phava la nthochi, katsitsi konyowa, nkhonya zili gwa. Kanatsegula diso limodzi, kanandiyang'ana, n'kulitsekanso ngati kaona zokwanira. Ndinati, "Uyu ndi Tatsika."

"Adadi, kusukulu akamuseka," anatero amayi anu. "Ife tinaganiza za Grace."

"Grace akhale wa kusukulu. Ine ndatcha."

Amayi anu anayang'ana bambo anu, kenako anaseka mpaka kugwira pamimba chifukwa cha ululu, n'kunena kuti alemba mayina onse awiri. Pamenepo malume anu anatsegula chikwama n'kutulutsa nthochi zija, zitapsa bii pansi pa bedi. Amayi anu anadya ziwiri n'kunena kuti sizikukoma, koma anatenganso yachitatu. Ndege ndinakwera ndithu Lachisanu lija, osakangana ndi munthu, chijekete chikununkhira nthochi mpaka ku Lilongwe.

Tsono iwe amene ukunjenjemera kuposa anzakowe, ukatsegule pasipoti yako uone dzina lapakati lija umalidumpha ukamadzitchula. Usandiyang'ane choncho, diso lake ndi lomwe lija. Amayi ako akuti ndi dzina la munthu wamakani, ine ndikuti ndi dzina la munthu wodziwa chochita kukazizira. Dzuka, Tatsika, kauze bambo ako alize galimoto, tikadye nkhomaliro ku Golomoti. Juziyo vala, ukavula pa mlambe woyamba.